Nachikasu, Chuku Chimene Chinadya Matenda a M'chitsime

Sekani. Sekani ndithu, mano ndi anu, koma amene akuti ine Namaona ndine wabodza aimirire ndimuone nkhope, asabisale kuseri kwa ukonde monga ukuchitira iwe Yotamu. Ine ndakalamba, tsitsi linapita kale, mawondo akulira ngati chitseko cha khola, ndinamizirenji ana obadwa dzulo? Ndikanama mundipatsa usipa? Mvula iyi sikata msanga ndipo mabwato salowa m'madzi lero, ndiye khalani pansi m'shedi muno ndikuuzeni mmene ine, ndi manja awa ndi mimba iyi, ndinathetsera matenda otsekula m'mimba m'mudzi wa apongozi anga, mothandizidwa ndi chinthu chopanda mutu, chopanda miyendo, chopanda ngakhale pakamwa. Mukumva?

Kwathu ndi ku Mulanje, n'chifukwa chake Chitonga changa chimatsimphina mpaka lero. Ndinabwera kuno ndili mnyamata kudzacheka mitengo ya labala ku esiteti, ndipo pa ntchito imeneyo panalibe wondiposa, chifukwa ndinkati ndikangoyamba kunola mpeni, mitengo ya mzere wonse inkayamba yokha kutsitsa utomoni m'makapu chifukwa cha ulemu, ina mpaka kuwerama kuti ndisavutike kunyanyamphira. Kumeneko ndiko ndinaonana ndi mkazi wanga NyaMhone, akugulitsa nsomba za batala zootcha pageti. Anandikana mpaka nsapato zanga zinatha zidendene ndi kubwerera, kenako anandilola. Iwo amati anandimvera chisoni. Ine ndimati zinali ndevu. Tinamanga nyumba kumudzi kwawo, kumtunda kwa Kande kuno, ndipo abale awo anandilandira bwino, kungoti pa maliro ndi pa ukwati pomwe ankandipatsa kampando kopanda moyedzamira, ka alendo.

Tsiku lina m'dzinja, nditatsala pang'ono kupuma ntchito, ndinakhala pa chipika chowola m'kati mwa mitengo ya labala kuti ndidye chimanga changa chootcha. Pambali panga ndinaona chinthu chachikasu chitayala pa khungwa, chonanda ngati therere, chooneka ngati wina wakhutulapo mazira, kapena, pepani amene mwangodya kumene, ngati galu wasanzapo. Ndinati ndi chuku wamba. Njere imodzi ya chimanga inandigwa chapatali nacho, ine n'kunyamuka kukacheka mzere wanga. Pobwera masana, abale anga, chinthu chija chasuntha! Chatambasula timitsempha tonga ta kuseri kwa dzanja la nkhalamba, tayenda pa chipika, tafika pa njere ija, taikumbatira. Munaonapo chuku chikuyenda? Munaonapo bowa akupita kumsika? Ndinaika njere ina kumapeto kwa chipika, ndipo mawa lake ndinapeza chafikako, osati modutsa pamwamba powomba dzuwa ayi, koma chazembera kumthunzi, m'njira yachidule imene ngakhale nyerere zinali zisanaiganizire.

Ndinachikokolola pamodzi ndi khungwa lake, n'kuchiika m'kapu ya utomoni, n'kupita nacho kunyumba. NyaMhone atasuzumira m'kapumo anagwira m'chiuno.

“Ada, amuna anzanu akubwera ndi nkhuni, ena ndi nsomba. Inu mwabwera ndi masanzi a galu?”

“NyaMhone, uyu ndi mlendo. Dzina lake ndi Nachikasu.”

“Mlendoyo agone kunja.”

Anagonadi kunja, pansi pa mtsuko wosweka kuseri kwa bafa, pa chiguduli chonyowa. Ndinkamudyetsa gaga, ndipo posachedwa ndinadziwa khalidwe lake: dzuwa salifuna, mchere amauthawa ngati munthu wa BP, koma chinyezi ndi gaga, eee, mpaka ankagunda ngati mtima. Ndikaimba likhweru pochokera ku ntchito, ankafufuma ndi chimwemwe. Ndipo ntchito ankaidziwa. Thabwa limene NyaMhone amatumbulirapo nsomba, limene fungo lake linkaitana ntchentche za ku Mpamba, ndinamusiyapo kamodzi kokha, ndipo m'mawa ntchentche zinabwera, zinatera, zinanunkhiza, zinayang'anana, n'kunyamuka zikulira kupita kwa aneba. Majombo anga, amene anakomolapo galu wa kapitawo atangowayandikira, anawalowa kuphazi n'kutulukira kumwendo, ndipo kuyambira tsiku limenelo munthu akanatha kumweramo tiyi. Tsiku lina ndinajambula mudzi wathu pa chiguduli, ndikuika gaga pamene pali nyumba, pamene pali tchalitchi, pamene pali msika, kuti ndione ngati angapeze njira. Anaipeza, yachidule, yowongoka, ndipo inalambalala kutali ndi nyumba ya mowa imene ine ndinkati siilambalalika. NyaMhone ataona zimenezo anati chinthuchi chili ndi nzeru kuposa mwini wake, ndipo madzulo omwewo ndinawapeza akumuwazira gaga ndi dzanja lawo.

Tsono chinafika chaka chija cha mvula yoipa. Ena mwa inu mukukumbukira. Inagwa mpaka zimbudzi zinatitimira, mlatho wa pakati pa ife ndi Chintheche unakokoloka, ndipo madzi onse oipa a m'mudzi anatsikira m'chitsime chathu, chimodzi chokhacho chimene tonse tinkamwa. Anayamba ana. Mwana amene m'mawa ankathamangitsa nkhuku, pofika masana ali lefu pamphasa, maso alowa m'kati. Kenako matenda analowa m'nyumba mwanga. NyaMhone, mkazi amene akandiitana ali pakhomo anthu a ku Bandawe ankayankha kuti kulibe kuno, anagona pansi mawu atatha, milomo itauma, akungondiyang'ana. Pamenepa musaseke. Ndinawagwira dzanja, linali lozizira ngati mwala wa m'madzi, ndipo ndinaona kuti munthu amene wandilalatira zaka zonsezi akhoza kungochoka, nyumba n'kukhala zii.

Popeza msewu unali utaduka, tinawanyamulira kunyanja, ndinawagoneka m'bwato, ndinagwira nkhafi ndekha, ndipo ndinapalasa mwakuti bwato linafika ku Chintheche chithunzithunzi chake chikadali pa Kande, mafunde amene ndinasiya m'mbuyo anakafika tsidya lina n'kugwetsa zovala za anthu pa chingwe, ndipo nkhafiyo nditaiika pansi inkafuka utsi. Mukumva? Kuchipatala anawaika diripi, anawasamalira bwino, Mulungu adalitse manja a anamwino aja, ndipo NyaMhone anabwerera kunyumba ali moyo, koma ataonda ngati bango. Ndinkawamwetsa phala ndi supuni, iwo n'kumandinong'oneza kuti lachepa shuga. Ndinadziwa kuti achira.

Koma chitsime chinali chomwechija. Mayi Longwe, alangizi a zaumoyo a dera lathu, ankayenda khomo ndi khomo m'matope kugawa kolorini wothira m'madzi, koma koloriniyo anali kutha, chifukwa galimoto yobweretsa wina inalibe podutsa. Ankatiuza kuti tiziwiritsa madzi, koma nkhuni zonse zinali zonyowa moti ukaziyatsa zinkatulutsa misozi m'malo mwa moto. Tsiku limene anafika kwathu kudzaona NyaMhone, anapita kuseri kukasamba m'manja, n'kukumana ndi Nachikasu atatuluka pansi pa mtsuko wake. Anawerama, anamuyang'ana nthawi yaitali.

“Ada Namaona, mukudziwa chimene mukuweta?”

“Chuku choyenda, mayi.”

“Si chuku chenicheni ichi, si bowa, si nyama. Chimadya tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya, timene timakhala pa zinthu zowola. Ndinamva kuti anthu ofufuza akuyesa kuona ngati zoterezi zingathandize kugonjetsa tizilombo toyambitsa matenda. Koma palibe amene watsimikiza kuti n'chabwino m'thupi la munthu. Musayerekeze kuchiika m'madzi akumwa, mwamva?”

Ndinamva. Ndinamva bwino lomwe. Koma mawu amene anandikhala m'khutu ndi akuti palibe amene watsimikiza. Palibe! Kwa ine zinamveka ngati akulengeza kuti pali malo a ntchito. Dziko lonse lapansi, ndi masukulu ake onse, likudikira munthu mmodzi woti atsimikize, ndipo munthuyo wakhala pakhonde ku Kande akukanda mwendo. Koma sindine chitsiru choti n'kuthira chinthu m'madzi a ana a anthu ndi a mkazi wanga ndisanachiyese. Ngati pali wofa, afe Namaona.

M'mawa mwake ndinasamba, ndinameta, ndinavala suti yanga ndi tayi monga amachitira amuna a kuno, kuti ngati ndifa andipeze ndili waulemu, Atonga asadzati mlendo uja anafa ngati wosauka. Ndinatenga supuni, ndinagwada pa mtsuko, ndinati, Nachikasu mwana wanga, ndibwereke kachidutswa. Iye anatambasula yekha kadzanja n'kukaika pa supuni. Ndinatseka maso. Ndinameza.

Kukoma kwake ngati khungwa lonyowa losakaniza ndi dzira losapsa. Ndinamumva akutsika pakhosi pang'onopang'ono ngati munthu wolowa m'nyumba ya eni, akugogoda chitseko chilichonse, akusuzumira m'chifuwa, akupereka moni kwa chiwindi, mpaka anafika m'mimba, ndipo kumeneko anapeza mudzi wathunthu, chifukwa ine ndinali ndi majeremusi amene ndinachoka nawo ku Mulanje ndili mwana, amene anali atakwatirana m'menemo, kubereka ana, kulima minda, ena mpaka kutsegula timagolosale, ndipo atangomuona nkhondo inabuka, mimba yanga inayamba kulira ngati ng'oma ya malipenga, mwakuti anyamata a gulu la malipenga anabwera ndi zipenga zawo n'kufola pabwalo panga poganiza kuti kuyeserera kwayamba popanda kuwauza, ndipo anavina ndithu, bwino lomwe, kutsatira mimba yanga, mpaka njoka za m'mimba zinamanga katundu n'kutuluka pamzere, yaikulu patsogolo, osatsanzika n'komwe. Mukumva? Kenako zii. Ndinadzitsina. Ndinali moyo.

Ndipo si moyo wamba. Ndinayera m'kati mwakuti ndikapumira pa bala la munthu linkauma pomwepo. Thukuta langa linasiya kununkha, galu wanga yemwe anandiuwa poyesa ndine wakuba. Udzudzu ukandiluma unkachira malungo, ndipo wina unabweranso mawa lake ndi abale ake odwala. Ndinadikira ndithu masiku angapo kuti ndione ngati ndimera nthenga kapena kusanduka wachikasu, koma palibe chinachitika, kupatula kuti ndikafuna kupita kwinakwake mapazi anga ankasankha okha njira yachidule, ngakhale yodutsa m'khitchini mwa eni.

Ndiye ndinati basi, zatsimikizika. Ndinamuika Nachikasu m'ndowa pamodzi ndi gaga wa kamba wa paulendo, ndinapita naye kuchitsime amuna a m'mudzi akundiyang'ana, ndinamutsitsa ndi chingwe. Atangokhudza khoma la chitsime anayamba kuyala, kutsika, kuyala, ngati chilimira chagolide choponyedwa ndi msodzi wodziwa, kuzungulira khoma lonse mpaka pansi, ndipo m'madzimo munamveka kulira kwa tizilombo, kosamveka bwino koma kochuluka, ngati tizilombo touluka ta nkhungu tikamatuluka m'nyanja, madzi anayamba kubwata popanda moto, ndipo tina tinayesa kuthawa pokwera chingwe, sindinkationa ndi maso koma chingwe chinalemera mpaka amuna anayi anandithandiza kugwira, ine n'kuchigwedeza kamodzi, tonse n'kugweranso m'kamwa mwa mwana wanga amene alibe kamwa. Iwe Yotamu, ukufunsa kuti anadya bwanji wopanda kamwa? Thupi lonse ndi kamwa. Ukanakhala nalo lotero bwenzi amayi ako atakuthamangitsa kale.

Pamene nkhondo inatha, madzi a m'chitsime chija anayera mwakuti amayi obwera kudzatunga anayamba kulira kuti chitsime chaphwa, chifukwa ankaona mchenga wa pansi koma madzi osawaona, chule amene ankakhala m'menemo ankaoneka ngati akuuluka m'malere, ndipo namzeze wina analowamo poyesa ndi dzenje louma n'kutuluka atanyowa, akutukwana. Ndinatunga, ndinamwa ndekha poyamba, anthu akundiyang'ana pakhosi. Kenako anamwa akuluakulu, kenako onse. Matenda anatha m'mudzi ngati wina wawatsekera chitseko. Ana anayambanso kuthamangitsa nkhuku. Ndipo pa chinkhoswe cha mdzukulu wa alamu anga, kwa nthawi yoyamba chibwerere kuno, anandikokera mpando wokhala ndi moyedzamira. Ndinayedzamira, abale anga. Ndinayedzamira mpaka msana unadabwa.

Ndikanakhala wabodza ndikanathera pamenepa, pokoma. Koma ndikuuzani zonse.

Nachikasu atamaliza tizilombo ta m'chitsime, njala inamugwira, ndipo anali atakula. Anatambasula mitsempha yake pansi pa nthaka, kutsata chinyezi, mpaka anatulukira ku mathamanda kumene amayi amaviika chinangwa. Inu ana a kuno mukudziwa kuti chinangwa chowawa sichidyedwa chosaviika, chimafunika chikhale m'madzi mpaka chifewe, ululu wake utuluke, chiyambe kununkha fungo lija la kondowole. Chimene ine sindinkadziwa n'chakuti ntchito yofewetsayo amagwira ndi tizilombo tomwe, koma tabwino, taulemu, timene takhala tikudyetsa Atonga chiyambire. Nachikasu sanafunse kuti iwe ndiwe wa kwa yani. Anangodya.

Chinangwa chinakhala m'madzi sabata ndi sabata chili gwa ngati miyala, amayi akachiika mu mtondo minsi inkathyoka, chidutswa china chinadumpha mu mtondo wa aneba athu NyaPhiri n'kukaboola denga la sukulu ya mkaka, thobwa linakana kusasa n'kumangokhala ngati phala la mwana mpaka ophika mowa anakhala pansi n'kulira, masamba ogwa anasiya kuwola, dzenje la zinyalala linadzaza zinthu zatsopanotsopano, ndipo nsomba imene inagwa pa njinga ya wogulitsa inakhala panjira mwezi wathunthu ikadali yonyezimira, ikuyang'ana odutsa. Mukumva? Nanga mimba yanga! Kachidutswa kaja kanali katadya oipa ndi abwino omwe, moti chakudya chinkalowa n'kutuluka chosasintha, ndikadya mtedza unkatuluka wathunthu woti munthu n'kukadzala, ndipo ndinaonda mpaka lamba ankandizungulira kawiri, suti yanga n'kumayenda yokha ine ndili penapake m'kati.

Zoseketsa zinatha tsiku limene banja la NyaPhiri, njala itawapweteka, anasinja chinangwa chosafewacho n'kudya. Onse anagwidwa chizungulire, kusanza, kamwana kawo kakang'ono mpaka kulephera kuima. Anachira, Mulungu ndi wabwino, koma ine nditaona kamwanako kali m'manja mwa amake mutu uli lende, mpando wanga woyedzamira unandiwawa kumsana.

Masana ake amayi a mudzi wonse anabwera kwathu ndi minsi yawo yothyoka, ndipo amene ankawatsogolera, atamanga chitenje m'chiuno, mawu atabwerera onse mpaka ena owonjezera, anali NyaMhone, kuchokera m'nyumba mwanga momwe, anangotuluka khomo lakuseri n'kuzungulira kuti abwere ndi anzawo.

“Ada, mwana wanu uja wadya adani, yewo, tathokoza. Tsopano wayamba kudya abale. Mubwezeni kwawo.”

Mayi Longwe analipo. Sanandikalipire, ndi munthu wofatsa. Anangoti, “Si tizilombo tonse tili adani, ada. Tina timatiphikira, tina timakhala m'matumbo mwathu n'kumatigayira chakudya. N'chifukwa chake ofufuza aja sathamanga.”

Ndinapempha kuti andipatse mpata ndimuphunzitse Nachikasu. Ndinaika mbale ziwiri pamphepete pa thamanda, ina ya madzi a m'chithaphwi, ina ya thobwa labwino lochokera ku Bandawe, ndipo akalunjika ku thobwa ndinkamuwaza kamchere n'kumuuza kuti ayi, awa ndi amalume ako. Ankabwerera, n'kudikira kuti nditembenuke, n'kudya mbale zonse ziwiri. Sikuti anali woipa mtima. Njala ilibe mbale wake. Ndinaona kuti malo ake si pakati pa anthu, ndi kunkhalango, kumene zowola sizitha.

Tinasonkhanitsa gaga yense wa m'mudzi, nkhumba zinagona ndi njala, ndipo ndinayamba kuwaza kanjira kuchokera kuchitsime kulowera kumtunda, amayi akubwera m'mbuyo ndi mchere kutseka njira yobwerera. Ndinaimba likhweru langa lija. Abale anga, anatuluka! Anatuluka m'chitsime, anatuluka m'mathamanda, anatuluka pansi pa mabafa, anakumana pamodzi n'kukhala chinsalu chimodzi chachikasu chachikulu ngati bwalo la mpira, chikugunda ngati mtima, chikunditsatira, ndipo popeza dzuwa salifuna, amayi a kwaya anatambasula zitenje pamwamba pake akuimba, amuna ananyamula maambulera, ndipo titafika pa msewu wa tala magalimoto onse anaima, a ku Mzuzu mbali iyi, a ku Nkhotakota mbali iyo, ndipo popeza Nachikasu sathamanga, kuwoloka kokhako kunatenga nthawi yoti dalaivala wina wa lole anatsika, anafunsira mtsikana wogulitsa nthochi, anakaonekera kwa makolo, anamanga ukwati, ndipo pamene msewu unatseguka mkaziyo anakwera kutsogolo ali ndi pakati. Alipo mpaka lero, amakhala ku Dwangwa. Mukumva?

Tinafika m'mitengo ya labala, pa chipika chomwe chija. Panatsala kachidutswa ka m'mimba mwanga. NyaMhone anandimwetsa madzi a mchere, anandigoneka chafufumimba, anaika gaga pafupi ndi mphuno yanga, anandimenya kamodzi pamsana ndi chikhatho chimene ndimachidziwa bwino, ndipo ndinayetsemula mwakuti masamba anayoyoka m'mizere itatu, kachidutswa kaja n'kutuluka, n'kukwawira kwa mayi wake. Nachikasu anakwera pa chipika, anayamba kudzisonkhanitsa, kuchepa, kuchepa, koma asanamalize anatambasula kamtsempha kamodzi, kanayenda pa masamba, kanafika pa chala changa chakuphazi, kanakhalapo pang'ono, n'kubwerera. Ndinalira. Sindibisa. Mwamuna wa ndevu, pamaso pa amayi a kwaya, ndinalira, ndipo NyaMhone anandipukuta ndi nsonga ya chitenje chawo akunena kuti ndikuwachititsa manyazi, koma nawonso mphuno inali ikutota.

Kunatsala kubweza abale amene anadyedwa. NyaMhone anatumiza uthenga kwa azakhali awo ku Ruarwe, kuseri kwa mapiri kuja kumene Nachikasu sanafike, ndipo anatitumizira mtsuko wa madzi akale oviikamo chinangwa, wotseka bwino ndi masamba a nthochi. Unabwera pa boti, ndipo tinakaulandira kunyanja ndi nthungululu ngati mkwatibwi. M'thamanda lililonse tinathiramo kapu imodzi. Patapita masiku ochepa, m'mawa wina mphepo inawomba kuchokera kumathamanda, ndipo fungo lija, fungo limene nditangofika kuno kuchokera ku Mulanje linandithamangitsa ndikuyesa kwafa mbuzi, linalowa m'mudzi, ndipo madoda anatuluka m'nyumba n'kuvula zipewa. Ine NyaMhone anandikhazika pamphasa n'kumandimwetsa thobwa losasa ndi supuni yomwe ija ndinkawamwetsera phala, tsiku ndi tsiku, mpaka mimba yanga inapezanso anthu okhalamo. Ndikati lachepa shuga ankati ndimwe, wodwala sasankha.

Tsono Mayi Longwe, mukakawafunsa, adzakuuzani kuti sabata imene matenda anatha ndi yomwe anakonza podutsa pa mlatho, kolorini n'kubwera wambiri, ndipo kuti chinangwa chinachedwa kufewa chifukwa madzi osefukira ankatsuka mathamanda ndi kuwaziziritsa, ndipo kuti ine ndinaonda chifukwa ndinameza zinthu zosadyedwa. Asiyeni anene, ndi mayi wabwino, anayenda m'matope chifukwa cha ife. Amanenanso kuti wina aliyense asadzayerekeze kumeza chinthu chotola pa chipika, ndipo pamenepo ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse. Musadzayese. Mimba zanu ndi za tiyi ndi mabanzi, ya ine inakulira pa nyemba za kalongonda.

Ehe, taonani amene akubwera apo ndi ambulera yakuda, akudumpha zithaphwi ngati mtsikana. Ndi iwowo, NyaMhone, andilondola kuti ndikadye. Mboni yanga ndi imeneyo, anaona zonse ndi maso awo. Afunseni! Ayi, iwe Yotamu, khala pansi, ukuthamangira chiyani, munthu wamkulu safunsidwa ali panjira, mvula ikumunyowetsa. Ndipo akakuuzani kuti nthawi yonseyo ankaphwasula denga la khola la nkhuku kuti apeze nkhuni n'kumawiritsa madzi athu akumwa ine osadziwa, ndiponso kuti Nachikasu sanakulepo kuposa mbale yodyera, musawatsutse, ndi amayi anu, muwayankhe kuti yewo ama. Koma mumtima mwanu mudziwe kuti mbale yake inali yaikulu.